Dengu la pa Nyanja Yothawa

Madzulo amenewo Slavka anali kukhitchini, akutenthetsa supu ya nyemba ndi kabichi wowawasa, uku alendo ake awiri olipira malo ogona akumuvutitsa ndi funso lomwe lija la alendo onse.

"Koma mayi, nyanjayo ili kuti?"

Anali mwamuna ndi mkazi wake, ochokera kumzinda wina wakutali, makamera ali lendelende m'khosi. Anayenda ulendo wonsewo kudzaona nyanja ya Cerknica, n'kudzapeza dambo la udzu ndi ng'ombe zikudya. Alendo athu ndi otero. Akabwera madzi ali tho, amafunsa za dambo limene analiona pachithunzi. Akabwera kutauma, amakuyang'ana ngati nyanjayo waibisa ndiwe kuseri kwa khola.

"Inapita," anatero Slavka. "Imalowa pansi, m'maenje. Ikafuna imabwera."

"Liti?"

"Simatiuza."

Mkaziyo anaseka, kenako analoza chithunzi chakale cha pakhoma. Chinali cha anthu atandanda m'matope, akupatsirana madengu. Slavka anafotokoza uku akutakasa mphika, mwa munthu amene wafotokoza chinthu chimodzimodzi mpaka chatha kukoma. Madzi akamathawa, nsomba zimatsalira m'maenje, zikuphiriphitha. Mudzi wonse umapitako. Wina amatsika m'dzenje atamangidwa chingwe m'chiuno, ena onse amandanda, dengu n'kumayenda dzanja ndi dzanja mpaka kungolo.

"Lamulo lake ndi limodzi," anatero. "Ukalandira dengu walowa mumzere. Suchoka mpaka wina atalandira m'malo mwako. Ndipo dengu siligwa pansi."

Ife a kuno tinaphunzira zimenezi tisanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Mwana wa m'mudzi muno ukamutambasulira dengu, ngakhale ali m'tulo, manja amadzuka okha.

Pafupi ndi mbaula panakhala a Vinko, bambo ake a Slavka. Kale ndi amene ankatsika m'maenje, ndipo panalibe wowaposa. Tsopano mutu unali utawathawa. Ankadziona ngati mlendo m'nyumba imene anamanga okha. Mwana wawo yemwe sankamudziwa. Slavka atawapatsa mbale, anamuthokoza mwaulemu umene unkamulasa mtima tsiku ndi tsiku.

"Zikomo mayi. Mwandisunga bwino. Koma mawa ndibwerera kwathu, akazi anga akudikira."

Akazi awowo, mayi Justina, anamwalira Slavka ali mtsikana. Anali mumzere, m'mphepete mwa dzenje lalikulu, dothi n'kugumuka. Thupi silinapezeke. Mpango wawo wokha, wabuluu wa madontho oyera, unakatulukira pakasupe wa kuseri kwa mapiri.

Mchimwene wake wa Slavka, Drago, amene amakhala ku Ljubljana, ankaimba foni Lamlungu lililonse ndi mawu amodzimodzi. Atengereni kunyumba yosungirako okalamba, chemwali, tsiku lina mudzawapeza atagwera m'dzenje. Kulankhula n'kosavuta ukakhala kutali. Slavka ankakana. Usiku uliwonse ankakhoma chitseko, kiyi n'kumuvala m'khosi pa kachingwe. Chimene ankapempha Mulungu chinali chaching'ono: bambo ake asafere panja okha, ndipo asanafe atchuleko dzina lake kamodzi.

Kunja kutayamba kuda, mayi Rezka a nyumba yoyandikana anasuzumira pakhomo, mvula ikuchucha pa ambulera yawo. Mvula imeneyi inali itagwa masiku angapo kumapiri a Javorniki.

"Slavka, walowetsa ng'ombe?"

"Ndalowetsa."

"Maenje ayamba kupuma. Ndadutsa kumunsiku, mpweya wozizira ukutuluka pansi. Galu wanga wakana kutsika." Anayang'ana a Vinko, n'kutsitsa mawu. "Ibwera usiku uno. Mdalayu ukhomere bwino."

Alendo aja atamva, maso anawala. Mwayi wotani, kuona nyanja ikubadwa! Atatha kudya anavala majekete awo okwera mtengo, ati akaonerere ali pachitunda cha kutchalitchi. Anali ndi kiyi wawo, monga alendo onse. Slavka anawauza kawiri kuti akhome potuluka. Anavomera ndi mitu, uku akupukuta makamera.

Slavka anagoneka bambo ake, nawafunditsa. Anatsuka mbale. Anakhala pampando kuti apumule pang'ono chabe, nsana ukuwawa. Tulo tinamuba.

Chimene chinamudzutsa ndi mphepo yozizira kumapazi.

Chitseko chinali pululu. Mvula inali italowa mpaka pamkeka. Slavka sanakuwe. Anathamangira kuchipinda, n'kupeza bulangeti litapindidwa bwinobwino, monga amachitira mlendo wolemekeza nyumba. Majombo panalibe. Chipewa chawo cha kumaenje, chimene chinakhala pamsomali zaka zonsezi, panalibenso.

Anatsomphola tochi, anadutsira kukhola n'kutenga chingwe chakale chotsikira m'maenje, kenako anakamenya zenera la mayi Rezka.

"Atuluka! Dzutsani amuna a m'mudzi, wina akalize belu la kutchalitchi."

"Mayo ine. Dikira kaye, usatsike wekha."

"Ndikadikira kuti amuna apeze majombo awo, ndikapeza chipewa chokha."

Anatsika.

Njira ya ngolo yodutsa padambo imadziwika ndi mitengo yozikidwa m'mbali. Slavka anaitsatira, akuthamanga, akuterereka, akudzukanso. Nkhungu inali itakwirira dambo lonse, tochi ikungounika utsi woyera. Anakuwa kuti, "Bambo!" Kenako anakumbukira kuti dzina limenelo sakuliyankhanso. Anakuwanso monga amakuwira mlendo.

"A Vinko! A Vinko!"

Kunali zii. Pansi pokha ndi pamene pankalankhula. Amene sanamvepo sangamvetse. Dothi limachita kulira m'kati, gugugu, gugugu, ngati m'mimba mwa ng'ombe yokhuta. Kenako udzu umanyowa, osati ndi mvula yochokera kumwamba, koma ndi madzi otuluka pansi pa mapazi ako, ozizira mpaka m'mano. Slavka anawamva akulowa m'nsapato. Asanapite patali anali atafika m'akakolo.

Ankadziwa kumene apita. Munthu wofuna akazi ake akanapita kuti?

Atayandikira dzenje lalikulu lija anaona kuwala. Nyali zingapo, zofiira, zikuyaka mumzere. Mtima unatsika pang'ono. Amuna andidutsa, anaganiza, adzera njira ya kumtsinje, awapeza. Anafuna kukuwa mayina awo. Kenako anaziyang'anitsitsa nyalizo.

Sizinali tochi. Zinali nyali za mafuta, zija tinasiya kalekale.

Anthu anali atandanda kuyambira pakamwa pa dzenje. Amuna ndi akazi, madzi ali m'mawondo. Madengu ankayenda dzanja ndi dzanja. Panalibe wolankhula, panalibe woseka, panalibe wotukwana mnzake kuti akuchedwa. Mzere wa madengu wopanda phokoso kuno sunaonekepo. Ndipo kunalibe ngolo. Dengu likafika kwa womaliza, iye ankawerama n'kukhuthulira nsomba m'madzi, nsombazo n'kumwazikana. Komanso ndani amawola nsomba nyanja ikubwera? Anthu awa sankachotsa nsomba. Ankazibweza.

Slavka anaunika nkhope ya woyandikira. Anaidziwa. Anaunika ina. Anaidziwanso. Sanazidziwire pamsewu kapena kutchalitchi. Anazidziwira pa tizithunzi tija timamatidwa pamiyala ya kumanda, tija timapukuta tikapita kukayatsa makandulo.

Womaliza mumzere anali a Vinko, chipewa chili kumutu, msana utawongoka ngati wa mnyamata. Wowapatsira dengu anali mzimayi wowerama, wa mpango wabuluu wa madontho oyera.

A Vinko anatembenuka. Anamuyang'ana m'maso, osati kudutsa pambali monga ankachitira masiku onse.

"Slavka. Watuluka wopanda jekete iwe? Ukufuna chifuwa?"

Tochi inagwa m'madzi n'kuzima. Slavka anagwira pakamwa.

"Bambo, mwandidziwa?"

"Funso lanji limenelo? Ndingaiwale mwana wanga? Si iwe unathyola dzino pa ngolo ya a Lojze, n'kunamizira mlongo wako?"

Analira. Analira ngati mwana, ataimirira m'madzi oundana, pakati pa akufa. Zaka zonse zija akuwasambitsa, akuwadyetsa, akuyankha "zikomo mayi" wawo, chimene ankadikira n'chimenechi. Chinabwera pamalo oipa, pa nthawi yoipa, koma chinamukomerabe. Kwa kanthawi anaiwala madzi.

Madziwo sanamuiwale. Anali atapitirira mawondo.

"Bambo, tiyeni kunyumba. Nyanja ikubwera."

"Ndikuiona. Pita iwe."

"Sindipita ndekha."

"Ndalandira dengu, mwana wanga. Lamulo ukulidziwa."

Dengu linafika. A Vinko analandira, anawerama, anakhuthula, anabweza lopanda kanthu. Slavka anayang'ana mzimayi wa mpango uja.

"Amayi," anatero motsitsa. "Amayi, ndine. Asiyeni. Sanafe awa."

Mzimayiyo sanadzutse mutu. Manja okha ankayenda.

Slavka anamasula chingwe paphewa. Anawamanga bambo ake m'chiuno ndi mfundo imene anamuphunzitsa okha, mbali inayo n'kudzimanga yekha. Anakoka. Zinali ngati akukoka chitsa. Anakokanso, mapazi akumira m'matope, chingwe chikumudya m'mimba. Nkhalamba imene ankainyamula yekha poichotsa m'bafa sinasunthe ngakhale pang'ono. Anawapempha. Anawakalipira. Anawauza za Drago, za supu yotsala, za bedi lofunda. Anawagwira miyendo pansi pa madzi kuti ainyamule. Anatchula oyera mtima onse amene ankawakumbukira.

"Ukudzivutitsa," anatero a Vinko mofatsa. "Pita kusanachedwe."

Koma anaona kuti milomo yawo yachita bii. Manja ankanjenjemera. Enawo kuzizira sikunkawakhudza, chifukwa kunalibenso choti kuzizira kuwalande. Bambo ake okha ndi amene anali ndi magazi oti aundane. Madzi anafika m'ntchafu. Kutali, kumudzi, belu linayamba kulira.

Dengu lina linafika, lodzaza mpaka pakamwa. A Vinko anatambasula manja. Zala zinakana kugwira. Dengu linapendeka, linatsetsereka, linayamba kugwa.

"Slavka, usa..."

Anali atalilandira kale.

Sanaganize. Mpaka lero sangakuuzeni ngati anafuna kapena ayi. Manja a mwana wa kuno anachita zimene anaphunzira. Dengu linali lolemera ndi lozizira, nsomba zikumumenya pachifuwa. Mzere wonse unaima. Nyali zinangoti ndii, osagwedezeka. Mzimayi wa mpango anadzutsa mutu koyamba. Inali nkhope ya amayi ake, yosakalamba, yocheperapo msinkhu kuposa yake. Sanamwetulire. Anangosendera pang'ono, monga amasenderera munthu popereka malo kwa mnzake mumzere.

Chingwe cha m'chiuno chinalefuka. A Vinko anadzandira n'kumugwera paphewa, opepuka ngati kale.

"Wachitanji mwana iwe?" ananong'ona. "Wachitanji?"

Slavka anakhuthula nsomba zija m'madzi, chifukwa dengu silibwezedwa ndi nsomba zake. Analibweza m'manja mwa amayi ake. Kenako anatembenuka n'kuyamba kukoka.

Panalibe amene anamutsatira. Panalibe amene anamuitana. Kumbuyo kwake anangomva ntchito ikupitirira, dengu likukhuthulidwa, khuthu, kenako lina, khuthu. Anadzifunsa kuti akukhuthulayo ndani, popeza womaliza mumzere ali pachingwe. Sanacheuke. Analumbira mumtima kuti sacheuka.

Mitengo ya m'mbali mwa njira inali itamira. Anatsatira belu. Madzi anafika m'chiuno, kenako m'nthiti. Udzu unkamukola miyendo. Nsomba zinkamukhudza podutsa. Bambo ake ankabwera pambuyo, akupunthwa, chingwe chikulimba n'kulefuka. Poyamba ankalankhula naye bwinobwino. Pondera kumanzere, apo pali kadzenje. Usathamange, utopa. Kenako mawu anayamba kusokonekera. Anafunsa ngati ng'ombe zamwa. Anafunsa kuti ngolo ili kuti.

Ndiye a Vinko anaima, chingwe n'kulimba. Anali atatembenukira kumene achokera, kumene nyali zinkaonekera pang'ono m'nkhungu.

"Slavka!" anakuwa. "Slavka, bwera!"

"Ndili pano, bambo. Ndili kutsogolo kwanu."

"Slavka!"

"Bambo, ndine amene ndikukukokani."

Sanamuyang'ane n'komwe. Ankakuwira kunyali, mawu akusweka, akufuna kubwerera. Slavka anawazunguliza mkono m'khosi monga amachitira ndi mwana wa ng'ombe wokana kuwoloka, n'kuwakoka chafutambuyo. A Vinko anamukanda. Anamuluma dzanja. Sanawasiye. Belu litasiya kulira, anangoyenda molunjika kumene ankaganiza kuti kuli mtunda, akupemphera mopanda mawu, mpaka mutu wake unagunda nthambi.

Amuna a m'mudzi anawapeza kutacha, atakwera bwato. Anali pamtengo wa msondodzi wa m'malire a dambo, awiri onse atamangidwa kuthunthu ndi chingwe chimodzi, madzi ali pachifuwa. A Vinko ankapumabe. Slavka anali maso tong'o, manja atauma mozungulira bambo ake, moti anachita kumumasula zala chimodzichimodzi. Kumene dzulo kunkadya ng'ombe kunali nyanja yaikulu yosalala, phiri la Slivnica likudziyang'anira m'menemo, abakha atafika kale. Pachitunda cha kutchalitchi alendo awiri aja ankajambula. Mkaziyo ankauza aliyense kuti chinthu chokongola chotere sanachionepo chibadwire. Kiyi anali akadali m'thumba la mwamuna wake.

Mayi Rezka ndi amene anawavula zonyowa, nawathira kachasu wa mapeyala m'kamwa. A Vinko atagona, mayi Rezka anakhala pafupi ndi Slavka, namugwira dzanja lolumidwa lija. Anafunsa zochepa, chifukwa ndi munthu wamkulu, ndipo zina anazimvapo ali mwana.

"Unawaona?"

Slavka anavomera ndi mutu.

"Unalankhula nawo?"

"Ndi amayi okha. Sanayankhe."

"Chabwino. Zimenezo zilibe kanthu." Anamuyang'ana m'maso. "Sunalandire chilichonse, eti?"

Slavka anayang'ana mbaula.

"Slavka?"

Mayi Rezka anamusiya dzanja pang'onopang'ono, nachita chizindikiro cha mtanda.

Dokotala anabwera, anati nkhalambayo ili ndi mtima wa hatchi, ndipo Slavka akufunika kupuma. Drago anabwera ndi galimoto yake, anakalipa, analira, anabwerera. Za nyali ndi madengu, akuti kuzizira kumaonetsa munthu zinthu. Mwina n'zoona. Ife sititsutsana ndi madokotala.

Koma m'mudzi muno nkhani imayenda motsitsa mawu, pamzere wa buledi ndi pakhomo la tchalitchi. Akuti nsomba sizibwera zokha nyanja ikamabwerera, pali ozibweretsa. Akuti mzere umenewo sufupika. Akuti Slavka anatulutsa bambo ake m'njira yokhayo imene munthu amatulukira mumzere. Mayi Rezka anagona naye masiku oyambawo, ndipo anauza mkazi mmodzi yekha, amene anauzanso mmodzi yekha, kuti usiku manja a Slavka amadzuka iye ali m'tulo. Amatambasukira kumanja, amalandira, amawerama, amakhuthula. Mpaka kucha. M'mawa amadzuka mapewa akuwawa, mapazi ali ngati mwala, m'zikhadabo muli mamba a nsomba. Ndinamuona ndekha kusitolo atavala magolovesi, kunja kukutentha.

Slavka anasiya kulandira alendo. Chithunzi cha pakhoma chija anachitsitsa. Akuwonda, ndipo tikamupatsa moni amachedwa kuyankha, ngati mawu athu akuchokera kutsidya.

A Vinko ali bwino. Amadya, amagona masana, amathokoza. Za akazi awo anasiya kufunsa. Koma kukangoyamba kuda amadzuka pampando, amavala chipewa chija, n'kupita pachitseko. Amayesa chogwirira. Amagogoda. Kenako amatembenukira kwa mzimayi wa kiyi m'khosi, mwaulemu wawo uja, misozi ikutsika.

"Mayi, chonde nditsegulireni. Mwana wanga ali panyanja."

"Khalani pansi, bambo. Supu ikuzizira."

"Simukumva, mayi. Ndi Slavka. Mwana wanga Slavka. Anandilandira dengu, ndipo palibe womulandira. Alibe ndi jekete yomwe."

Slavka amaimirira pakati pa iwo ndi chitseko, dzanja lili pa kiyi. Sawatsegulira. Anapempha Mulungu zaka zambiri kuti bambo ake atchule dzina lake kamodzi. Tsopano amalitchula usiku wonse, akumenya chitseko, ndipo timalimva mpaka kumsewu.